Gemu Inati a Yotamu Ngoipa

A Yotamu Mbewe amakonza njinga pansi pa mtengo wa mthethe, kuseri kwa msika wa Katete. Kwawo ndi kumudzi, cha ku Sinda. Anabwera m'tauni ali mnyamata, atanyamula pampu ndi masipanala awiri, ndipo pampuyo ikugwirabe ntchito. Lamlungu amakhala kutsogolo m'tchalitchi cha Reformed, pakuti ndi mkulu wa mpingo, atavala jekete lakuda limene linayamba kale kubiriwira m'mapewa. Koma mukafunsa anthu kuti a Yotamu ndi ndani, satchula njinga kapena jekete. Amati, "Ankhoswe aja."

Mabanja amene anamanga ndi ambiri. Amene anawabweza ali pafupi kupasuka ndi ochulukirapo. Njira yawo inali imodzimodzi kwa zaka zambiri. Munthu akabwera ndi nkhani, iwo amamvetsera uku akumata chubu, akamaliza amati, "Tamva. Tigone nayo." Tsiku lomwelo sayankha. Akafika kwa eni mkazi, chilichonse chimene apatsidwa amalandira ndi manja awiri. Akulu akamayankhula, iwo amayang'ana pansi. Ndipo mwamuna wolakwayo samulola kutsegula pakamwa.

"Pakamwa pakopo ndi pamene pakufikitsa pano," amamuuza. "Lero patseke. Woyankhula ndine."

Akazi awo, a Mable, amati bambowa ngakhale muwafunse ngati akufuna tiyi, yankho mudzalimva mawa.

Chaka chatha, anthu atangomaliza kukolola soya, nkhani inagwera pabanja pawo penipeni. Bonface, mwana wa mlongo wawo, ali ndi shopu yometa tsitsi pafupi ndi siteshoni ya minibasi. Anagula makina a gemu kwa munthu wina wochokera ku Lusaka n'kuwalumikiza ku TV, akuti makasitomala asamatope podikira. Makasitomala ankadikiradi, koma ankadikira kuti Bonface amalize kusewera. Mkazi wake Ireen, telala wochokera ku Vubwi, anapirira miyezi ndithu. Kenako amayi ake a Ireen anabwera kudzacheza, atanyamula thumba la mtedza. Tsiku lobwerera anadzera pashopu kuti atsanzike mkamwini wawo. Anaima pakhomo.

"Muyende bwino, amayi," anatero Bonface, maso ali pa TV.

Sanadzuke pampando. Sanagwade. Sanawaperekeze ngakhale mpaka pamsewu. Ireen anali atawanyamulira chikwama kuti akawakweze galimoto. Anakwera nawo galimoto yomweyo.

Patapita milungu ingapo, a Solomoni, atsibweni ake a Ireen, omwenso ndi nkhoswe ya kuchikazi, anaimba foni. Mawu awo anali ochepa. Loweruka likubwerali a kuchimuna afike ku Vubwi. Akapanda kufika, iwo atumiza galimoto kudzatenga makina osokera a Ireen ndi mapoto ake, banja lithere pomwepo.

"Tamva," anatero a Yotamu. "Tigone nayo."

"Gonani nayo," anayankha a Solomoni. "Koma Loweruka silisuntha."

Lolemba m'mawa a Yotamu anasiya njinga za anthu n'kupita kushopu kwa Bonface. Anamupeza yekha, malaya ali makwinya okhaokha, m'manja muli kachogwirira ka mabatani kamene anyamata amati padi. Atangomva odi, Bonface anadzuka msangamsanga mpaka padiyo inagwa pansi.

"Ndaona kudzuka ukudziwa," anatero a Yotamu. "Loweruka tikupita ku Vubwi."

"Namvela, amalume. Manje nizakamba chani kuja? Nikaganiza mau aya, naona yazawakalipitsa. Nikaganiza ena, chimodzimodzi."

"Undimete kaye."

Makina ometera anali atatha moto. Bonface anawaika pa chaji, ndipo podikira, dzanja lake linapita lokha pa padi ija. A Yotamu anangoyang'ana. Pa TV panali munthu wa lupanga kumsana, ataima pamaso pa mayi wina. Pansi pake panalembedwa mizere itatu ya Chingerezi. Bonface anasankha umodzi. Mayiyo anakwiya n'kumenyetsa chitseko. Bonface anadina kena kake, TV inada pang'ono, ndipo mayi uja anaonekanso ali pakhomo, akumwetulira ngati poyamba.

"Wamuchita chiyani mayiyo? Waiwala kuti wamunyoza?"

"Nabwelela pamene ninaseva, amalume. Kuseva ni kusunga malo pamene wafika. Ukalakwitsa, ubwelela pamenepo, uyesa mau ena."

"Iye sakumbuka?"

"Sakumbuka."

"Hm," anatero a Yotamu. "N'chifukwa chake umakonda kuno."

Bonface anafotokoza zonse, chifukwa ankafuna nkhani ya Vubwi ichedwe. Gemuyi ndi ya nkhani. Iwe ndiwe mlendo wa lupangayo, ukuyenda m'midzi, anthu akukubweretsera mavuto awo, ndipo umasankha chonena. Pamwamba pa TV pali kamzere. Ukasankha zabwino kamayera, anthu amakukonda. Ukasankha zoipa kamafiira.

"Ine kanga ni koyera kufika kumapeto," anatero monyadira.

A Yotamu anamuyang'ana mwana wa mlongo wawoyo, munthu amene mkazi wake ali ku Vubwi, amene makina akuti ndi woyera mtima. Kenako anayang'ana mizere itatu ija. Milandu ya anthu akhala akuiweruza kuyambira Bonface asanabadwe.

"Bweretsa kuno," anatero. "Uyambitse pachiyambi."

Chingerezi cha a Yotamu ndi cha mayina a masipeya a njinga, choncho Bonface ankawawerengera mizereyo n'kumamasulira. Zala zawo zozolowera sipanala zinavutika ndi timabatani. Munthu wa lupanga uja anagunda mitengo, anagwera mumtsinje, koma pofika masana ankayenda mowongoka.

Mlandu woyamba unali wa mayi wamasiye amene mbuzi yake inasochera m'phiri. A Yotamu anaipeza n'kuibweza. Mayiyo anatulutsa buledi wake womaliza kuti athokoze. Mizere inati: landirani, kanani n'kumuuza asunge, kapena mufunse ngati alinso ndi china.

"Landira," anatero a Yotamu, osaganiza n'komwe.

Kamzere kanasuntha pang'ono n'kufiira kunsonga.

"Chachitika n'chiyani?"

"Gemu iti ndimwe adyera, amalume. Muntu wabwino afunika kukana."

"Kukana mphatso ya mayi wamasiye? Ndiye kumuuza kuti chako n'chonyansa, ndiwe mmphawi, sungathe kuthokoza munthu. Akatero mawa angandiyang'ane bwanji panjira? Amene anapanga ichi analeredwa ndi ndani?"

Bonface sanadziwe amene anawalera. Anapitiriza.

Kenako mlendoyo anaitanidwa kwa mfumu ya dzikolo, nkhalamba ya ndevu zoyera, imene inayankhula nthawi yaitali. Itamaliza, mizere inati: itamandeni, itsutseni, ndipo wachitatu unali timadontho titatu chabe.

"Timadonthoto n'chiyani?"

"Kukhala chete."

"Eya, chimenecho. Wamkulu akayankhula, sufulumira kuikapo zako."

Munthu wa lupanga anakhaladi chete. Koma anapinda manja pachifuwa, anayang'anitsitsa mfumuyo m'maso, kenako anatembenuka n'kutuluka osatsanzika. Asilikali anagwira malupanga. Kamzere kanafiiranso.

"Ine ndati akhale chete," anatero a Yotamu. "Sindinati aonetse mfumu nkhongo."

Makina ometera anali atadzaza moto kalekale. Palibe amene anawakumbukira.

Lachiwiri a Yotamu anabweranso, akuti tsitsi lija silinametedwe. Tsiku limenelo anakumana ndi mlandu umene unali wawo weniweni. Abale awiri ankalimbirana malire a munda umene bambo awo anasiya. Mizere inati: patsani wamkulu, patsani wamng'ono, kapena tengani mundawo nokha. Pansi pa mizereyo panali kachingwe kamene kankafupika.

"Afunse ngati atsibweni awo ali moyo."

"Palibe batani ya atsibweni, amalume."

"Afunse amene analipo pamene bambo awo ankaika malire."

"Palibe. Sankhani, taimu isila."

"Auze kuti tamva, tigone nayo."

"Amalume, ni zitatu chabe."

"Munda wa anthu ndiugawe ndisanauone n'komwe? Ndiponso nditaimirira?"

Kachingwe kanatha. Popeza mlendoyo sanayankhe, wamng'ono anakatentha nkhokwe ya wamkulu, ndipo mudzi wonse unati wolakwa ndi mlendo amene anangoima chilili. Kamzere kanafiira mpaka pakati.

A Yotamu anaika padi pamwendo. Anatulutsa mpango, anapukuta magalasi awo, anawavalanso, n'kutenganso padi.

Chimene chinawapweteka kuposa zonse chinachitika madzulo ake. Wamalonda wina anapempha mlendoyo kuti amuperekeze m'nkhalango. A Yotamu anali ndi ntchito ina m'gemumo, choncho anasankha mzere umene Bonface anati ukutanthauza, "Pepani, lero sindingathe." Munthu wa lupanga anatsegula pakamwa n'kuyankhula mawu ambiri, akuseka chammbali. Wamalondayo anagwetsa nkhope.

"Wati chiyani?"

Bonface anakanda m'mutu. "Akuti... mukafune chitsiru china chokunyamulirani matumba."

"Ine ndanena zimenezo?"

"Ndimwe munasankha."

"Ndinasankha pepani. Pepaniyo wapita kuti?"

"Gemu ichita so nthawi zina. Pa mzere ilemba pang'ono, muntu akamba vake."

"Ameneyu akanakhala nkhoswe, bwenzi mudzi utapasuka," anatero a Yotamu. "Umutuma mawu ena, iye akanena ake."

Pofika Lachinayi, maso a munthu wa lupanga anali atafiira ngati makala. Ana a m'gemumo ankathawa akamuona, agalu ankauwa, ndipo atafika pakachisi wa m'mudzimo, anamutsekera chitseko. Nkhani inamveka pasiteshoni. Anthu ankalowa m'shopu osati kudzameta, koma kudzaona mkulu wa mpingo amene makina amugamula. Patsogolo pa onse panali Josephat, kondakitala wa minibasi ya ku Chipata, amene banja lake a Yotamu analipulumutsa zaka zingapo zapitazo.

"A mkulu wa mpingo, nyanga zimera liti?" anafunsa Josephat. "Tifuna tikauze abusa akonzeke."

"Iwe ukanakhala m'gemu umu, bwenzi TV itapsa," anayankha a Yotamu osatembenuka.

Bonface anawamvera chisoni. Anawauza kuti akhoza kubwerera pamene anaseva Lolemba, akane buledi uja, atamande mfumu, zonse ziyere.

"Ayi. Chimene ndanena ndanena. Ndikonza kutsogolo."

Koma kutsogoloko kunali kotseka. Atakumananso ndi m'bale wa nkhokwe yopsa uja, mzere wopepesa unalipo ndithu, koma unali wotuwa, ndipo batani linkakana kuusankha. Bonface anati mawu abwino amatsegukira munthu amene kamzere kake n'koyera. Wofiira amangopatsidwa mawu oopseza.

"Ndiye woipa saloledwa kulapa?"

"Mu gemu iyi, iyayi."

"Mwamva, a Josephat? Ngakhale inu tinakulolani."

Anthu anaseka, koma a Yotamu sanaseke. Zinawakhudza ndithu. Munthu amene Katete yense amamuitana pakavuta, bokosi la ku Lusaka likumutcha chigawenga, ndipo palibe poti n'kudandaula.

Pansi pa mthethe njinga zinaunjikana. Lachisanu masana a Mable anatulukira pakhomo la shopu, atapanira tambala m'khwapa.

"Ndimayesa munati mukukonza banja," anatero.

"Tikukonza."

"La ndani? La mayi wa mbuzi uja? Msika wonse ukudziwa kuti munamudyera buledi." Anaika tambalayo pansi, miyendo ili yomanga. "Mawa ndi Loweruka. Nkhuku yopepesera munagula?"

A Yotamu anayang'ana tambalayo.

"Mnyamatayu mwamulangiza?"

Sabata yonse a Yotamu anali limodzi ndi Bonface, phewa ndi phewa, koma dzina la Ireen silinatchulidwe kuyambira Lolemba.

"Nkhuku ndi imeneyo," anatero a Mable. "Zinazo mudziwa nokha, ankhoswe."

Atachoka, a Yotamu anazimitsa okha TV. Malangizo awo anali afupi, chifukwa ndi omwe amapereka kwa aliyense. Uvale malaya ochapa. Ukakhale pansi, osati pampando, ngakhale akupatse. Maso pansi. Chimene akupatsa, manja awiri. Usayankhule.

"So sinizakamba chilichonse?" anafunsa Bonface, nkhope ikuwala koyamba sabata imeneyo.

"Ngakhale kutsokomola, uyambe wandifunsa."

Loweruka anakwera minibasi mpaka ku Chadiza, kuchokera kumeneko njinga zamoto. Anafika ku Vubwi fumbi lili m'makutu, tambala ali wefuwefu. Anawalandirira pakhonde, pafupi ndi mulu waukulu wa mtedza wosaswa. A Solomoni, bambo wamfupi wochita malonda a chimanga m'malire, anakhala pampando. Ireen ndi amayi ake anakhala pamphasa, lichero pakati, akuswa mtedza. Anabweretsa thobwa losasa pang'ono. A Yotamu analandira ndi manja awiri n'kumwa lonse. Palibe chimene chinafiira. Mtima wawo unakhala pansi. Iyi ndiyo inali ntchito yawo.

Anayankhula bwino tsiku limenelo. Anayamba ndi ulendo, anadzera pa mvula ya chaka chimenecho, anathokoza mtedza umene apongozi anabweretsa ku Katete, kenako anafika pa nkhani. Mwana wawoyu anapunthwa, iwo sakukana. Ubwana unamuphimba m'maso. Koma kuyambira tsiku limenelo sagona tulo, chakudya sichilowa, nyumba yamukulira. Manyazi ndi amene amutseka pakamwa. Wawatuma kuti agwade m'malo mwake kwa amayi ndi kwa mkazi wake.

Bonface anali pansi, maso pa nyerere, monga anauzidwa.

A Solomoni anayankha mwa mwambo. Anakalipa pang'ono, anatchula makina osokera, anati mwana wawo si wotola panjira. Kenako analandira tambala. Zonse zinkayenda m'njira yake. Chinatsala n'chimodzi. A Solomoni anatembenukira kwa Ireen.

"Mwana wanga, wamva?"

Pamenepa mkazi amati "ndamva" n'kukalongedza, kapena amangolira, nkhani n'kuimitsidwa. A Yotamu sanaonepo yankho lachitatu.

Ireen anaswa mtedza wina, anaponya makoko pambali.

"Ndamva, atsibweni. Amalume ayankhula bwino kwambiri. Mawu omwewa ndi amene ananena pokatenga mkazi wa a Josephat. Anandiuza yekha. Ngakhale za kusadya zija zinalimo." Anamuyang'ana Bonface. "Koma masaya awa sakuoneka a munthu wosadya."

A Solomoni anatsokomola.

"Ine sindikukana ankhoswe," anapitiriza Ireen. "Koma amene ndikakhale nawo m'nyumba si amalume. Ndikufuna awa anene okha. Tsiku lija, amayi anawaona pakhomo kapena sanawaone? Ngati anawaona, chinawagwira pampando n'chiyani?"

"Si mmene timachitira, Ireen," anatero a Solomoni. "Ankhoswe alipo."

"Musiyeni afunse, achimwene," anatero amayi ake, osakweza mawu. "Amene anaima pakhomo paja ndine. Nanenso ndikufuna kumva."

Bonface anatembenuka n'kuyang'ana amalume ake ngati munthu amene madzi amufika m'khosi. A Yotamu anatsegula pakamwa kuti anene kuti tamva, tigone nayo. Mawuwo anafika pamilomo n'kuima. Loweruka linali lomweli, ndipo amayi awiriwo anali atasiya kuswa mtedza. Anakumbukira munthu wa lupanga uja, amene umamutuma mawu ena iye n'kukanena ake. Anaona kuti za kusagona ndi kusadya zija Bonface sanawatume.

"Ninene chani?" ananong'oneza Bonface.

"Sindikudziwa. Ine sindinalipo. Unalipo ndiwe."

Tambala anadzigwedeza pafupi ndi mwendo wa a Solomoni.

"Ndinawaona," anatero Bonface, m'Chichewa chakumudzi chimene amachisunga pa maliro ndi pamaso pa apongozi. "Ndinawaona bwinobwino."

"Nanga?"

"Ndinali ndisanaseve."

A Yotamu anatsinzina. M'mutu mwawo anaona kamzere kakufiira mpaka kumapeto.

"Anali asanatani?" anafunsa apongozi.

Bonface anafotokoza, thukuta likutsika. Anati m'gemumo anali pakati pa nkhondo imene anailimbana kuyambira m'mawa. Akanadzuka, zonse zikanatayika, akanayambiranso. Anaganiza kuti amalize kaye pang'ono, athamange akawapeze pasiteshoni. Pang'onopo panatalika.

Apongozi anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli chammbali.

"Ndiye chinapulumuka?"

"Chiyani, amayi?"

"Chimene munkasungacho."

"Ayi, amayi. Mutangochoka, malaiti anazima."

Ireen anayesa kudzigwira. Anaika chitenje pakamwa, mapewa akugwedezeka, mpaka kuseka kunatuluka m'mphuno. A Solomoni anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata. Apongozi anangopukusa mutu pang'onopang'ono.

"N'zopusa," anatero Ireen atapukuta misozi. "Koma n'zoona. Awa ndimawadziwa. Akanati sanawaone amayi, makina anga akanagona kuno mawa."

Palibe amene anamuuza Bonface chochita kenako. Anayenda chogwada mpaka m'mphepete mwa mphasa, anaomba m'manja mofatsa, n'kunena kuti, "Amayi, munayenda bwanji tsiku lija?"

Funsolo linachedwa ndi milungu ingapo, koma apongozi analiyankha lonse. Anafotokoza za tayala limene linaphulika asanafike ku Chadiza, za mayi wina amene anakwera ndi nkhumba m'thumba, za dalaivala amene anaima kwa chibwenzi chake anthu akupsa ndi dzuwa, za bondo lawo limene linatupa. Sanafulumire. Bonface anagwada mpaka nkhani inatha, ndipo sanayang'ane kumbali ngakhale kamodzi.

Ireen sananyamuke tsiku limenelo. Anati mtedza wa amayi sungatsale wosaswa, ndipo popeza zala za bambowa n'zolimba ndi mabatani, atsale athandize mpaka muluwo uthe. Za gemu anati ikhale, chifukwa imakokadi makasitomala. Koma dzuwa likalowa, chingwe chake chizilowa m'chikwama chake cha ulusi, ndipo chizituluka m'mawa.

A Solomoni anafunsa ngati a kuchimuna amva. A Yotamu anayang'ana Bonface.

"Ndamva," anatero Bonface yekha.

A Yotamu anabwerera okha ku Katete, atanyamula kathumba ka mtedza kamene analandira ndi manja awiri. A Mable anawapeza akuvula nsapato pakhonde.

"Zatheka?"

"Zatheka."

"Munayankhula bwino?"

"Ndinayankhula bwino kwambiri. Koma si zimene zinagwira ntchito."

"Nanga anakonza ndani?"

"Chitsiru chija," anatero a Yotamu. "Ndi pakamwa pake pomwe paja."

Sabata yotsatira Ireen anatsika minibasi pasiteshoni ya Katete, Bonface ali pambuyo ndi zikwama, zala zake zili matuza. Makina osokera sanasunthe pamalo pake.

A Yotamu akadali nkhoswe. Akadanenabe kuti tamva, tigone nayo, ndipo pamenepo palibe amene angawasinthe. Koma za kusagona ndi kusadya anazichotsa m'mawu awo, ndipo masiku ano, akamaliza kuyankhula, amatembenukira kwa mwamunayo n'kumuuza kuti anene chimodzi ndi pakamwa pake. Ena amanena zanzeru. Ambiri amanena zopusa. Josephat amati ndi mwayi kuti iye anathana nazo lamuloli lisanabwere.

Gemu ija sanaisiye. Amapita Lolemba masana, njinga zikachepa, akuti kukameta, ngakhale tsitsi lometa latsala lochepa. Munthu wawo wa lupanga akadali wofiira maso. Mphatso akulandirabe, pamaso pa akulu akukhalabe chete, ndipo kubwerera pamene anaseva amakana. Amati tsiku lina adzapeza mudzi m'gemumo umene anthu ake analeredwa bwino.

Lolemba lina posachedwapa anachedwa kufika. Anali atangopeza njira yolowera kuseri kwa kachisi uja amene anatsekera munthu wawo wa lupanga, pamene Ireen analowa m'shopu, chikwama cha ulusi chili paphewa. Dzuwa linali litalowa. Anapereka moni mwaulemu, anagwada pang'ono, n'kutambasula dzanja kuseri kwa TV.

"Apongozi, dikirani pang'ono chabe," anatero a Yotamu. "Ndangotsala pang'ono kulowa."

Ireen anazula chingwe, anachikulunga bwinobwino n'kuchiika m'chikwama.

"Tamva, amalume," anatero. "Tigone nayo."